Msonkhano wa mitengo pa bairro: ndipiteko kapena nkutaya nthawi?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ulónguè, Angónia. Akuti: "Sekeretaliyo wa bairro walengeza kuti Loweruka kuli msonkhano, kukubwera a bungwe lina odzakamba zobwezeretsa chilengedwe m'tauni, kudzala mitengo m'misewu ndi kukonza dambo lakumunsi kwathu. Ine ndili ndi kadimba konko, ndimalima repu, tomato ndi anyezi. Zaka zapitazo kunabweranso ena, tinadzala, anatijambula, mitengo yonse inauma. Kodi mawu athu amasintha kanthu? Nanga dimba langali sadzalanda?"

Mayi, pitani. Ndayambira pomwepo kuti musavutike nkufunafuna yankho kumunsi. Koma musapite ngati ulendo uja ayi, kukakhala kumbuyo pa chitenje, kuomba m'manja, kulemba dzina pa pepala nkubwerako ndi Fanta. Ine ntchito yanga ndi ya nkhalango ndipo misonkhano yotereyi ndakhalamo yambiri, ina ndinali mbali ya oyitanitsa, nde zomwe ndikuuzeni zina ndikudziulula ndekha.

Mawu a anthu amalemera nthawi imodzi yokha, pomwe mapu asanajambulidwe. Mmera mpoyamba paja. Akajambula kale, ndalama zagawidwa kale, mbande zagulidwa zili mu nazale, olo mutayankhula zanzeru bwanji amangogwedeza mutu nkumati "tamva amayi, tikaziona", basi zathera pomwepo. Nde funso loyamba Lowerukalo likhale ili, mwaulemu koma momveka: kodi mwabwera kudzatifunsa kapena kudzatiuza? Kenako pemphani kuona mapu. Ngati alipo, yang'anani pomwe pali dambo lanulo apakapo mtundu wanji ndipo mtunduwo ukutanthauza chani. Ngati akuti sanajambule, sangalalani, mwafika nthawi yabwino.

Za mitengo inauma ija sindikudabwa nkomwe, ndipo ndikhoza kulota tsiku lomwe munadzala. Mwina pa 21 Malichi, tsiku la nkhalango padziko lonse, kapena pa 5 Juni, tsiku la chilengedwe. Masiku amenewa ndi abwino kwa olankhula ndi ojambula koma kwa mbande kuno ndi imfa. Mu Malichi mvula ikutsanzika. Mu Juni ku Angónia ndi chisanu chokhachokha, nthaka yauma, anthu akolola ndipo mbuzi azimasula zikungoyendayenda, kambande kamasamba anayi kalimba bwanji pamenepo? Mtengo kuno umadzalidwa mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Disembala mpaka mu Januwale, kuti umwe miyezi itatu usanakumane ndi chilimwe. Izi agogo aliyense pa bairro amazidziwa, vuto palibe anawafunsa. Chachiwiri mtengo wa "tonse" ulibe mwini. Womwe uli pakhomo pa munthu, amene anausankha yekha nkuutchingira ndi minga kapena njerwa, amauthirira olo ndi madzi otsukira mbale. Womwe unadzalidwa ndi alendo pa mzere m'mbali mwa msewu umayembekezera alendo omwewo.

Tsopano za dimba, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Ku Mozambique kuno malo onse ndi a boma, sagulitsidwa, chomwe munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT. Lamulo la malo, Lei 19/97, limati ufuluwu munthu amaupeza osati ndi pepala lokha ayi, amaupezanso ngati malowo anawalandira mwa chikhalidwe cha kwawo, kapena ngati ndi nzika ndipo wakhala akuwagwiritsa ntchito mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera 10. Kusowa pepala sikufafaniza ufuluwo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Nde ngati dimbalo munalandira kwa amayi anu kapena mwalima zaka zoposa 10, musalole wina akuuzeni kuti "mulibe dokumento, mulibe mawu". Lamuloli boma lakhala likuliunikanso zaka zino, choncho mukafika pa mkangano weniweni funsani odziwa malamulo momwe zilili panopa.

Koma ndisakunamizeni, pali pena pomwe mwendo wanu ndi wofooka. Lamulo lomwelo lili ndi malo otetezedwa omwe munthu sangakhale ndi DUAT, mwachitsanzo mamita 100 kuzungulira kasupe, komanso mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu ndi 15 m'misewu ing'onoing'ono ya boma. Ngati dimba lanu lagundana ndi kasupe weniweni, kukangana kuti "ndi panga" sikukufikitsani patali, bola kukambirana zoti muzilima motani. Ndibwereranso pamenepa.

Lamulo lina loti mulidziwe ndi la kakonzedwe ka malo, Lei 19/2007. Limeneli ndi lomwe limalamulira mapulani a tauni, kuyambira pulani yaikulu ija amati Plano de Estrutura Urbana mpaka yaing'ono ya bairro yomwe imaonetsa puloti iliyonse, Plano de Pormenor. Limapatsa nzika ufulu wodziwa zomwe zikukonzedwa ndi kutengapo mbali, ndipo limati munthu akachotsedwa pamalo chifukwa cha ntchito yokomera onse ayenera kulipidwa moyenera. Ulónguè ndi munisipiyo kuyambira 2008, kutanthauza kuti pulani yotere imadutsa ku Assembleia Municipal, bwalo la oimira anthu a m'tauni, ndipo zokambirana za kumeneko ndi zapoyera, munthu wamba akhoza kukakhala nkumamvera. Ambiri sadziwa zimenezi, amaganiza kuti ndi nyumba ya mabwana okhaokha. Pa ntchito zikuluzikulu zofuna kafukufuku wa chilengedwe, Decreto 54/2015 imati msonkhano wofunsa anthu ulengezedwe masiku 15 usanachitike. Kudzala mitengo pa bairro mwina sikufika pa mlingo umenewo, komabe ndi muyeso wabwino, munthu akakuuzani Lachinayi za msonkhano wa Loweruka muli ndi chifukwa chopempha wachiwiri kuti mukaganize kaye.

Malamulo amenewa sanagwe kumwamba. Kumbukirani za ku Moatize, mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa malasha, ena ku Cateme ena ku 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba, minda ndi madzi, ndipo chaka chomwecho mu Ogasiti kunatuluka Decreto 31/2012 yomwe imati posamutsa anthu pakhale misonkhano yosachepera inayi yowafunsa. Sindikuti mukatseke msewu ayi mayi, nkhani yanu ndi yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo. Ndikungoti mukamafunsa "nanga ife mwatifunsa?" simukupempha chifundo.

Nanga mabungwewa akuchulukiranji ndi nkhani ya chilengedwe m'matauni? Mu Disembala 2022 mayiko anagwirizana ku Montreal mfundo 23 zoteteza zamoyo zosiyanasiyana pofika 2030, ndipo Mozambique ili nawo m'pangano la zamoyoli. Mfundo ya nambala 12 ikukamba za kuchulukitsa malo obiriwira ndi a madzi m'mizinda, ya nambala 22 ikukamba zoti anthu a m'madera, amayi ndi achinyamata azikhala nawo popanga ziganizo. Nde opereka ndalama amafuna umboni woti anthu anafunsidwa. Mwaona pamene pali mphamvu yanu? Pepala la mayina lija si mwambo chabe, kwa iwo ndi lamtengo. Musalipereke ulele.

Pepala la mayina ndi lina, acta ndi ina. La mayina limangosonyeza kuti munalipo. Acta ndi yomwe imalemba zomwe zanenedwa ndi zomwe mwagwirizana. Pemphani kuti iwerengedwe mokweza, m'Chichewa, anthu asanabalalike, chifukwa imalembedwa m'Chipwitikizi ndipo kawirikawiri imangoti anthu alandira ntchitoyi ndi manja awiri, pomwe munakangana maola atatu. Ngati mfundo ya madimba mulibe, nenani ilowe. Kenako wina aijambule ndi foni, tsamba lililonse. Ndikunena izi chifukwa ineyo ndinalembapo acta yotere ndili wachinyamata pa ntchito, abwana akudikira m'galimoto, dzuwa likulowa, ndinangofupikitsa zonse mu mizere isanu. Chaka chotsatira mkangano utabuka panalibe pogwira.

Pali msonkhano wina womwe sindiuiwala, m'tauni ina m'chigawo chathu chino cha Tete. Tinapita ndi mapu okongola osindikiza, titajambulapo kabwalo ka ana ndi mipando ya simenti m'mbali mwa khwawa. Magetsi kunalibe nde tinangowayala pansi pa mtengo wa mango nkutsamiza ndi miyala. Anthu anangoti duu, amuna kutsogolo amayi kumbuyo monga mwa masiku onse. Tili pafupi kutseka, gogo wina anadzuka ndi ndodo yake, sanayang'ane nkomwe pepalalo, analoza kumunsi nkunena kuti pamene mukuti mipandopo mu Febuluwale madzi amafika m'chiuno, ndipo chitsime chomwe sichiphwa chili kuseri kwa mkuyu uko, inu mwajambulapo msewu. Tinapita kukaona. Zinyalala za madzi osefukira zinali zikadali zokodwa mu nthambi, pa msinkhu wa lamba wanga. Ife tinayendera malowo mu Seputembala, kouma, tinaona fumbi basi.

Nchifukwa chake ine ndimati msonkhano weniweni si wa pa mipando, ndi woyenda. Pemphani tsiku loti alendowo ayende nanu dambo lonse kuyambira kumtunda, pakhale agogo, amayi a madimba, anyamata ndi ana omwe, ana amadziwa pomwe pali nkhanu ndi zisa kuposa tonsefe. Pobwera jambulani mapu anu pansi, phulusa likhale mtsinje, miyala ikhale zitsime, zitsononkho zikhale madimba, wina akopere pa pepala. Muzifunsana kuti kale kunali chani chomwe pano kulibe. Nantchengwa ankamanga chisa pati? Achule amalirabe mvula yoyamba? Ziphaniphani munaziona liti komaliza? Bowa ankazulidwa kuti, bango lolukira mphasa ankadula pati? Zimene ophunzira akuti kubwezeretsa zamoyo zosiyanasiyana ndi zimenezitu, sikuti mitengo yokha pa mzere ngati asilikali. Ndipo kaundula wa zomwe zinatha sali mu ofesi iliyonse, ali m'mitu mwa anthu okalamba.

Apa ndiikepo maganizo anga, ena sagwirizana nawo. Kuteteza chomwe chilipo kumaposa kudzala chatsopano, kutalitali. Mkuyu umodzi wakale umadyetsa mbalame, mileme ndi tizilombo tochuluka kuposa mbande 500 zomwe theka lake zidzafa. Malo omwe mitengo yachilengedwe yatsala m'matauni athu ambiri ndi kumanda, ndipo sinasungidwe ndi pulojekiti iliyonse, anaisunga ndi mwambo, mafumu ndi a Gule. Pulani yomwe siyikuonetsa manda, mitengo ikuluikulu ndi akasupe kuti pasakhudzidwe, kwa ine ndi pulani yodula osati yodzala. Chinanso chotchipa ndi zitsa. Pamtunda pomwe panadulidwa tsamba kapena msuku, chitsa chimaphukira chokha, mizu yake ili kale pansi patali, mukangopatulira nkusiya mphukira ziwiri zitatu zamphamvu ndi kuletsa moto, zimakula msanga kuposa mbande ya mu chubu. Koma sizijambulika bwino pa chithunzi, nde sizitchuka.

Dambolo musalione ngati malo ongotsala oyembekezera mapuloti. Limamwa madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse, zitsime zanu zimadalira pamenepo. Likadzaza nyumba ndi maenje a njerwa madzi amangothamanga. Ndipo amathamangira kwa anzathu, pajatu Revúbuè amachokera kumapiri a kuno kumtunda nkukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Malichi 2019 anasefukira ku Chingodzi, bairro ya mu mzinda wa Tete, mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana anasefukiranso mpaka kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Sindikunena kuti dambo lanu lokha likanaletsa zimenezo, mvula inali yoopsa, koma madambo ndi nkhalango za kumtunda zikamatha madzi amafika kumunsi msanga komanso ambiri nthawi imodzi. Ku Tete komweko kuli chigwa cha Nhartanda, pakati pa mzinda, anthu amalimamo ndiwo zamasamba ndipo muli zitsime zomwe zimamwetsa mzindawo. Ndi chitsanzo choti dimba ndi chilengedwe zikhoza kukhala malo amodzi m'tauni, komanso choti nyumba ndi zinyalala zikamalowerera malo otere aliyense amaluza.

Nde pa dimba lanu, m'malo modikira kuti akuuzeni chochita, pitani ndi mfundo yanu. Kumanani a madimba nonse Lachisanu madzulo mugwirizane. Mwachitsanzo: ife tisiya kamzere ka mamita angapo m'mbali mwa madzi osalimamo, tidzalamo vetiva, nsenjere ndi bango, apo ndi apo katope, mwimbi kapena mbawa, mitengo yomwe imakonda madzi ndipo imagwira gombe. Tisiya kutsuka mapampu a mankhwala mu mtsinje. Inu mbali yanu mulembe mu pulani kuti malo awa ndi a madimba, asadulidwe mapuloti. Kunena zoona mdani wamkulu wa dimba lanu si mitengo ayi, ndi puloti. Mlimi wa dimba amene walembedwa mu pulani ndiye mlonda wa dambo, tsiku lililonse ali pompo, wothira zinyalala kapena wokumba mchenga amamuona. Ndipo akabwera ndi bulugama kuti adzale m'dambo, kanani. Bulugama ali ndi ntchito yake, milimo, nkhuni, pamtunda palibe vuto, koma pafupi ndi kasupe amamwa kwambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri.

Yang'ananinso amene sanabwere. Oumba njerwa, okumba mchenga, ogulitsa makala, eni mbuzi ndi ng'ombe. Kawirikawiri saitanidwa chifukwa amaonedwa ngati ndiwo owononga, mwinanso amadzipatula okha poopa kunyozedwa pagulu. Koma pulani yopangidwa iwo kulibe imagwa mwezi woyamba, mnyamata amene uvuni wake ndiwo ukulipira sukulu ya mng'ono wake sasiya chifukwa cha chikwangwani. Bola akhalepo, akangane nanu, mupeze pomwe angaumbe ndi poti asafike, ndipo maenje akale akwiriridwe kapena asanduke maiwe. Ndiponso Loweruka m'mawa amayi ambiri amakhala ku msika, nde ngati msonkhano wadzaza amuna okhaokha nenani kuti pakhale wina wa amayi pa nthawi yawo.

Mantha a anthu nawonso asanyozedwe. Wina akati tchire libweretsa njoka, udzudzu, mbava zobisala, mizu idzaswa maziko a nyumba, nthambi zidzagwera mawaya a magetsi, ophunzirafe timathamangira kuti anthuwa ndi osazindikira. Ayi, akunena zoona zake. Yankho lake ndi kakonzedwe: njira yopita kumadzi ikhale yolambula ndi yoonekera patali, madzi aziyenda asaime m'maenje, kachere ndi mkuyu zikhale kutali ndi makoma, pansi pa mawaya mitengo ifupiifupi. Za kadzidzi zokha ndimalimbana nawo anthu, mbalame imeneyi imatha makoswe ambiri usiku umodzi kuposa mphaka waulesi wa pakhomo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Funso lomaliza loti mukafunse ndi la phindu. Chigawo chathu chino ndi chomwe chinayambitsa Tchuma Tchato ku Bawa, m'boma la Mágoè, m'zaka za m'ma 1990, dzinalo likunena lokha, chuma chathu, mfundo yake inali yoti anthu okhala ndi nyama zakutchire azilandirako gawo la ndalama zake. Kuchokera 2005 palinso lamulo loti 20% ya misonkho ya nkhalango ndi nyama izibwerera kumidzi komwe zachokera. Zayenda mokhotakhota, ndalama kuchedwa, makomiti kukangana, koma mfundoyo ndi yolondola. M'tauni mulibe msonkho wa alenje woti mugawane, nde phindu lake liyenera kukhala looneka ndi maso: zipatso adzathyola ndani, bango ndi udzu wofolera adzadula ndani ndipo mwezi uti, ming'oma ya njuchi ikhoza kuikidwa, mbande adzagula kwa ndani. Chomalizachi chigwireni, palibe chifukwa choti mbande zichokere kutali pa lole pomwe amayi a madimba muli ndi madzi, manyowa ndi luso lofesa. Nthangala za mbawa ndi msangu zimamera bwinobwino mu machubu. Msuku wokha ndi wovutirapo, nthangala zake sizichedwa kufa nde zimafesedwa zikadali zaziwisi, ndipo umafuna dothi lotapa pansi pa msuku unzake chifukwa mizu yake imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthakamo. Ku Ulónguè komweko kuli sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ophunzira ake amafuna malo ochitira kafukufuku, komiti yanu ikhoza kukawapempha kuti adzakuthandizeni kuwerenga mitengo ndi mbalame zomwe zilipo panopa, kuti pakatha zaka zitatu mudzakhale ndi poyerekezera.

Afunseninso kuti pulojekiti ikutha liti, ndipo ikatha wothirira, wolambula moto ndi wobwezeretsa mbande zakufa adzakhala ndani. Akayankha kuti "komunidade", funsani kuti komunidade yake ndani, dzina, ndipo ndi ndowa ya ndani.

Mukabwerako Lowerukalo mundilembere zomwe zinali pa mapupo, makamaka mtundu womwe apaka pa dambo, ndi mwezi womwe akuti adzadzala.